Mwala wa Pakhomo la Kuseri

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kwazizira, mvula yakhala ikuwaza kuyambira m'mawa, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Amisiri okonza nyumba yakale ija, momwe ndimaonetsa alendo kuno kudziko la eni, abwera lero. Akufuna kuchotsa mwala wa pakhomo la kuseri, kuchipinda komwe ankagona akapolo, ati unakumbika pakati ndipo alendo angaterereke. Ndinawafotokozera modekha kuti mwalawo sunawonongeke. Anaukumba ndi mapazi a anthu opanda nsapato, otunga madzi zaka ndi zaka. Eni nyumba anasiya zithunzi pabalaza, koma anthu awa anangosiya mwala wokhawu.

A Asiyatu a ku Mangochi, amene amakolopa m'nyumbamo, anaima ndi ndowa kumvetsera. Kenako anavula nsapato n'kuponda pokumbikapo. Phazi linakwana ndendende.

"Achimwene, kodi ena mwa iwowa sanali akwathu?"

Ndinati mwina, poti ambiri ankakwezedwa zombo ku Mozambiki.

"Ndiye mukawauze mabwana kuti pano ndi pamanda. Asasunthe kanthu."

Mabwanawo agamula mawa. Kalata yowadandaulira ndayamba kulemba, koma ndikafika pa phazi la a Asiyatu, Chingerezi chikundithera...