Makoswe achikasu ndi mdzukulu wanu

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Lukwa tilipo. Makuponi a feteleza chaka chino anatipeza, chimanga chachita bwino, koma nkhani yandikhazika pansiyi ndi ina. Ndinabereka mwana wamkazi miyezi isanakwane, kakang'ono kokwana m'manja. Tamutcha dzina lanu.

Pasanathe sabata thupi lake linasanduka chikasu mpaka m'maso. Kuchipatala anamuvula, kum'manga kansalu kumaso, n'kumugoneka m'kabokosi pansi pa nyali. Apongozi anu, bambo a mwanayu, ataona zimenezo anatuluka thukuta. Mukuwadziwa, anakulira pa balani ya fodya. Kwa iwo tsamba likachita chikasu, chotsatira ndi kukoleza moto kuti liume. Anati mwana wawo sangaumitsidwe iwo akuona, ndipo anamutulutsamo kuti tizipita kumudzi. Ine ndinakana kuchoka.

Ndinakumbukira mawu anu aja akuti safunsa anadya phula, ndiye ndinafunsa adokotala. Zimene anayankha sindinazimezebe mpaka lero. Akuti kunja kuli makoswe obadwa ndi chikasu chomwechi, ndipo anthu ophunzira amawaweta dala, kuwadyetsa, kuwayeza. Pa tiana ta makoswe timeneto ndi pomwe amaonera mmene chikasu chikachuluka chimalowera mu ubongo n'kupha makutu, ndi mmene kuwala kumachitsitsira. Nyaliyo siotcha ayi.

Makoswe, Amayi! Omwe aja munkawathamangitsa ndi chitsulo cha mbaula m'nkhokwe, mukuwatukwana mayina onse. Pali munthu amadzuka m'mawa, kusamba, kuvala bwinobwino, kupita kukasamalira khoswe wodwala kuti mwana wa ine akhale moyo. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi.

Bambo ake atamva zimenezi anamubwezeramo okha m'kabokosi muja, koma tinali titataya tsiku tikukangana. Potitulutsa anatiuza kuti tizimuyang'anira ngati akumva. Kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhale m'malo. Ndinkawomba m'manja pafupi naye, iye phee.

Dzulo mbale yachitsulo inandipulumuka n'kugwa pa simenti. Mwana anadzidzimuka, kutambasula timanja, n'kulira mokweza. Ine ndinakhala pansi pomwepo n'kulira naye. Bambo ake anatola mbale ija n'kuigwetsanso dala.

Ndimakusowani kwambiri. Akalimba ndibwera naye kumanda kwanu, ndidzatchule dzina lanu iye akumva.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati