Kabokosi Komwe Anachonga

Lolemba, 12 Ogasiti

Mwezi wathunthu m'dziko la eni, ndipo mwana wathu wachisamba alibebe sukulu. Timabuku totsatsa masukulu tiwiri patebulo. Sukulu ina imatsata silabasi yakwathu: amalize zaka ziwiri zatsalazi, alembe mayeso, tibwerere monga tinapanganirana. Inayo ndi yakuno, ya dziwe losambiramo ndi ana omwetulira ngati akutsatsa mankhwala otsukira mano.

Bambo ake akuti, "Mayi, mphunzitsi ndinu, sankhani." Ndasankha yakwathu. Avomera ngati ali m'tchalitchi. Mafomu akapereka okha, ati ndi panjira yakuntchito.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Makatoni a mabuku anga sindimasula. Zaka ziwiri n'chiyani?

Lachisanu, 16 Ogasiti

Yunifolomu yafika yobiriwira. Pachithunzi inali yabuluu. Bambo ake: "Asintha chaka chino." Ine ndi digiri yanga yonseyi, ndakhulupirira.

Lolemba, 19 Ogasiti

Tsiku loyamba, ndakakamira kumuperekeza. Mwana wanditsitsa basi pageti pa sukulu ya dziwe ija, maso ali pansi.

Mlembi wa muofesi, mayi wa magalasi apachingwe, wandipatsa fayilo kuti ndisaine pamzere wa mayi. Silabasi yakuno. Amubweza kalasi, mayeso pakatha zaka zinayi. M'munsi muli funso: banja likhala kuno nthawi yaitali bwanji? Timabokosi titatu. Bambo ake anachonga komaliza: kukhazikika. Deti yake 2 Julayi, ndege tisanakwere n'komwe.

"Amuna anu ndi olongosoka," watero mlembi.

Eya. Kwambiri.

Sindinasaine.

Lachiwiri, 20 Ogasiti

Mwana akuti, "Adadi anati tidikire muzolowere kaye." Kuzolowera! Ngati mphaka wosamutsidwa.

Lachitatu, 21 Ogasiti

Ndawafunsa bambo ake m'mawa akumanga tayi.

"Ndikanakuuzani mukanabwera?"

"Ayi."

"Ndiye mwaonatu."

Atero n'kufunsa komwe kuli masokosi.

Lachinayi, 22 Ogasiti

Ndakatenga ndekha fomu kusukulu ya silabasi yakwathu. Malo alipo amodzi, akutseka mawa. Mwana atangoweruka ndamukhazika patebulo, chikwama chikadali kumsana.

"Usaope, mama, takonza. Adadi ako ndithana nawo ine."

Ndalemba chilembo choyamba cha dzina lake.

"Amayi, musalembe. Si adadi. Ndinawapempha ndine."

Watenga cholembera m'manja mwanga, mwaulemu, ndi manja awiri.