Kochi Mukulakwitsa

Lolemba, 15 Okutobala 2018

Ndidakali pa tiraya, kuyesedwa ntchito yothandiza kochi, ku timu ya mpira ya kuno ku Braunstone. Loweruka a Kahlmann, kochi wathu, asankha wowathandiza mmodzi, ine kapena Brandon. Ndikalephera ndiye kubwerera kokanyamula katundu ku weyahausi, digiri ya zamasewera ili m'chikwama.

Mdalayu sindikumumvetsa. Anasewera kumbuyo zaka zambiri kwawo ku Germany mpaka bondo linakana, kenako ukochi. Mkazi ndi amene anamukokera ku Oadby, kufupi ndi kuno. Akufuna otchinga athu aziima pafupi ndi pakati pa bwalo ngati mmene ankachitira iye. Koma Stephen wathu alibe liwiro, zigoli zonse zikudzera kumbuyo kwake. Atandifunsa maganizo ndinangoti "zili bwino, kochi." Munthu wa imvi ungamutsutse pamaso pa anyamata?

Lachiwiri, 16 Okutobala

Amalume anga a Dunstan: "Wamkulu salangizidwa pagulu, mphwanga. Tuma munthu." Ndatuma a Mahomed, tcheyamani wa timu, akandinenere mwaulemu.

Lachinayi, 18 Okutobala

Zavuta. A Kahlmann afika nkhope ili psuu. "Wakisa, tsiku lililonse umaima pambali panga, koma mawu ako akadzere kwa tcheyamani? Ukufuna andichotse?" Ndinati ndimawapatsa ulemu. "Ulemu? Kwathu imeneyo ndi miseche."

Kenako Brandon kuwauza anthu onse akumva kuti masewera olimbitsa thupi a lero ndi achikale. Iwo kuseka, kumugwira paphewa. Wamwano ndani apa? Mutu sukugwira.

Lachisanu, 19 Okutobala

Amalume akuti ndikapepese kudzera kwa mkazi wawo. Ayi, amalume.

Loweruka, 20 Okutobala

Hafu taimu tikugonja 2–0, zonse kumbuyo kwa Stephen. M'chipinda chovalira a Kahlmann: "Alipo ali ndi mawu?" Brandon ali kalikiliki kumanga zingwe za nsapato.

Ndinati, "Kochi, mukulakwitsa. Otchinga abwerere m'mbuyo."

"Ukuuza nsapato zanga? Ndiyang'ane."

Ndinadzutsa mutu n'kubwereza. Anandiponyera cholembera cha pabolodi. "Jambula."

Tagonjabe, 2–1. Za ntchito sanalengeze. Pageti pokha anandikodola: "Lolemba ulawirire. Za Stephen unakhoza, za osewera m'mapiko sunakhoze. Tidzakangana bwino."

Ndili m'basi, cholembera chidakali m'thumba. Amalume akuimba. Ndiwauza kuti ndapeza ntchito chifukwa chochita mwano?