Ming'oma ya Atate Ikwere M'mitengo

Chikangawa
14 Ogasiti

Okondedwa achimwene a Pius,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Mua kumeneko. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Kuno tilipo, chisanu chokha ndiye chatilowa m'mafupa. Mayi a Praise ndi otopa, tikuyembekezera mwezi wamawa.

Achimwene, pakamwa pangapa pandilakwitsa. Tsiku lina tikupuma, anzanga ankanyoza kuti kwathu kulibe mitengo, kuli malambe basi. Ine magazi kuwira! Ndinawauza za milombwa ndi mibawa ya ku kasupe wathu, m'nkhalango ya boma kumtunda kuja, yoti anthu atatu sangaikumbatire. Kapitawo anali pomwepo, kumangomwetulira.

Dzana anandiitana. Akuti kampani yathu yapeza chilolezo chopatulira mitengo m'nkhalango imeneyo, ndipo woyenda patsogolo ndi penti yofiira ndine, poti ndikudziwa njira. Mtengo umene ndaupaka, makina amaugwetsa. Kupatulira kwake kotani? Ife popatulira chimanga timazula chofooka, koma awa amasankha wonenepa. Ndinaona kuno khwawa lina litauma gwa patangotha chaka chimodzi chokha atapatulira. Kasupe uja akauma, dimba la amayi latha, ndipo alamu azikatunga madzi kutali.

Ndinayesa kukana. Anandiyankha kuti ndikatero ndibweze makiyi a nyumba ya kampani tsiku lomwelo. Ndipite naye kuti mayi wotopayu? Ndikapaka mitengo yowonda yokhayokha, kapitawo amadutsamo n'kupaka yekha. Ndapanikizika, achimwene.

Pempho langa ndi limodzi. Ming'oma ya njuchi ya malemu atate ija, imene ili pansi pa nkhokwe, itulutseni. Muikonze, muipake phula mkati monga ankachitira eni ake, ndipo muipachike pa mitengo ikuluikulu yozungulira kasupe. Yambani ndi mbawa wopindika uja. Anyamata a makinawa saopa njoka, saopa bwana, koma njuchi zikamva kulira kwa makina zimawathamangitsa mpaka kumsewu. Mtengo wa mng'oma amaulambalala. Musachedwe, njuchi zimafuna nthawi kuti zilowe, ndipo ife tifika kumayambiriro kwa Okutobala.

Ndikudziwa ming'omayo ndi isanu ndi iwiri yokha pamene mitengo ndi yambiri. Yotsalayo ndidzaipaka ndine, ndi dzanja langali, anthu akwathu akuona. Amayi muwafotokozere bwino asanamve kwa ena.

Musadandaule kuti woyamba kufika pansi pa mitengoyo ndine. Zikandiluma, zindilume. Atate akanakhala moyo, akanandichita zoposa pamenepo.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, atsibweni a Frank ndi ana onse. Mayi a Praise akuti akusowani.

Ndine mng'ono wanu,
Bizeki