A Maness Sali M'kaundula

12 Febuluwale 2006

Msonkhano kwa a Maness ku White City, kuseri kwa nyumba. Anthu 31. Mayi ameneyu watha zaka zisanu ndi zitatu akuyala chitenje chake pamaliro a Amalawi kuno kudziko la eni, aliyense aponyepo kangachepe, mtembo upite kumudzi. Sanalepherepo. Lero ife ophunzira tawauza kuti za chitenje n'zachikale. Pafunika bungwe lolembetsedwa kuboma, la akaunti kubanki ndi chidindo. Andisankha kukhala mlembi poti ndine mphunzitsi. Ndakana kamodzi mwaulemu, kenako ndatulutsa cholembera chomwe ndinabwera nacho dala.

A Maness akuti: "Lembani zanuzo aphunzitsi. Ine bola musadzandikwirire m'dothi la eni."

6 Malichi

Ku ofesi yolembetsa mabungwe. Dzuwa, mzere, njala. Mayi wapawindo waulemu ndithu, moni wachinenero chawo uja, dumela rra, kenako mndandanda wa zofunika: malamulo a bungwe, maminitsi, mayina a mamembala, makope a mapasipoti ndi zilolezo zokhalira m'dziko muno. Mwa anthu 31 aja, a zilolezo zamoyo ndi 12. Cha a Maness chinatha kalekale. Abwana awo akuti akonza, chaka chachitatu chino akukonzabe.

19 Malichi

Kwa a Morton ku Kgale View. Amaphunzitsa kuyunivesite. Sanapondepo pamaliro aliwonse kuno, koma mapepala awo ndi oyera ngati mbale yotsuka. Wapampando tapeza basi.

Akuti m'malamulo a bungwe tiikemo ndime yoti membala akhale wa mapepala okwanira, boma lisatikayikire. Walemba ndine. Ndime 7. Chizungu chake chokoma, mpaka ndaiwerenga kawiri mokweza. Nthawi yonseyi a Maness anali kukhitchini, kuthandiza mayi akunyumba kukonza tiyi. Dzina lawo ndalisiya pamndandanda. Ndawauza kuti ndi za papepala chabe. Angoseka.

28 Juni

Satifiketi yatuluka! Ili m'felemu pabalaza pa a Morton. Chidindo chili ndi ine, ndadinda kale maenvelopu onse ndi nyuzipepala yadzulo. Zopereka tsopano zikupita kubanki. Woyenda khomo ndi khomo kwa alonda ndi antchito a m'nyumba kukatolera ndi a Maness omwewo. Chitenje chija apinda.

9 Okutobala

A Maness atisiya. Anagwa akusita zovala za abwana.

11 Okutobala

Komiti yakumana. A Morton atsegula malamulo. Thandizo ndi la mamembala okha, ndipo a Maness si membala. A Jameson, msungichuma, akuti tikangosaina cheke tapalamula, bungwe likhoza kufufutidwa, za zilolezo zathu nazo kaya. Kusintha ndime 7 kumafuna msonkhano waukulu, ndipo mamembala adziwitsidwe kutatsala masiku 21. Imeneyo ndi ndime 15. Inenso yemwe ndinalemba.

Ndinaimirira, ndinakuwa, ndinamenya tebulo. A Morton anangondifunsa chapansipansi: "Aphunzitsi, saini ili apayi ndi ya ndani?" Ndakhala pansi. Chilolezo changa chikutha Januwale. Ndinachiganizira, sindinama. Manyazi ake sakundichoka.

15 Okutobala

Amayi a ku White City ayala chitenje chija. Anthu akuti tinapereka kale kubungwe, ndipo sakunama. Zomwe zagwapo sizingafikitse bokosi ngakhale ku Francistown, tisanatuluke n'komwe m'dziko muno. Kumochale akuti sangasunge mpaka Novembala.

Dinnah, mwana wa malemu, waimba kuchokera ku Ntcheu. Akufunsa kuti galimoto inyamuka liti, achibale asonkhana kale. Ndamuyankha kuti tikuyendetsa mapepala. Pakamwa panga pakundinyansa.

21 Okutobala

Tawaika konkuno. Dothi louma gwa, fosholo kumachita kulira. Amayi anafunditsa bokosi chitenje chija. A Morton afika, maliro awo oyamba, atanyamula nkhata ya maluwa yolembedwa dzina la bungwe ndi nambala yake yakuboma. Alankhula bwino kwambiri. Akuti malemu anali mzati wa bungwe lathu. Ine maso pansi, chidindo m'thumba la jekete. Sindikudziwa kuti ndinachitengeranji.

5 Novembala

Msonkhano waukulu, masiku 21 atakwana bwinobwino. Mamembala onse afika, khumi ndi awiri a zilolezo aja ndi a Morton. Ndime 7 yachotsedwa, manja onse m'mwamba, a Jameson mpaka awiri. Kuwomba m'manja, fanta, mabisiketi. Mawa ndikasiye kalata ku ofesi ija yowadziwitsa za kusinthaku, lamulo limatero. A Maness atha masabata awiri m'dothi la eni.

Ndikulemba maminitsi. Opezekapo ndamaliza. Pamzere wa osabwera ndalembapo: Maness Nachisale. Koyamba dzina lawo kulowa m'mapepala a bungwe. A Morton akaona adzati sanali membala, ndifufute.

Ndadindapo chidindo.