Maola Asanu ndi Limodzi a Alamu

Lolemba, 3 Malichi
Gulu lathu la chesi ya pafoni landisankha kuti ndikonze malamulo a nthawi pa mpikisano wa chaka chino. Ine amene. Mulungu sagona. Chaka chatha alamu anga, amuna awo a achemwali, ananditulutsa osandidyera ngakhale kavalo mmodzi. Lamulo linali lakuti munthu asunthe pasanathe maola awiri. Ine ndikuyang'anira mayeso a maola atatu, foni itatsekeredwa m'kabati ya ahedi. Wotchi inandidya. Iwo n'kumayenda ndi chikho kutsogolo kwa lole yawo ngati satifiketi. Chaka chonse ndawatcha Bambo Wotchi. Sizinandikwane.

Lachitatu, 5 Malichi
Maganizo a anzanga a pagulu. Namwino akufuna masiku atatu, ati mashifiti. Wometa akufuna mphindi zisanu, ngati kasitomala angadikire mutu uli theka. Ine ndi digiri yanga ndawerengera kuseri kwa rejisitala. Lachinayi lililonse alamu amadutsa msewu wa kumapiri, maola asanu ndi atatu opanda netiweki. Ndiye maola asanu ndi limodzi, wotchi iziyenda masana okha. Namwino zimukwanira, ine zindikwanira. Chilungamo chimakoma chikakhala ndi mano.

Lamlungu, 9 Malichi
Lamulo lachinayi: palibe kuwonjezera nthawi, kaya maliro, kaya ukwati. Namwino anati, "Aphunzitsi, simukuwawitsa?" Ndinamuyankha kuti malamulo alibe chibale. Alamu avomera osawerenga n'komwe.

Lachiwiri, 18 Malichi
Wometa wagwa. Namwino wagwa. Fainolo: ine ndi alamu. Achemwali aimba: "Musandiphere mwamuna, akagonja sadya." Asadye. Mimba ija ikukhula chiwongolero.

Lachinayi, 20 Malichi, pa buleki
Zavuta. Ndasewera ngati sindinasewerepo chibadwire. Mfumukazi ndapereka dala, iwo n'kumeza ndi mbedza yomwe. Kwatsala kusuntha kawiri kuti mfumu yawo isowe kothawira. Zoterezi zimabwera kamodzi pa moyo wa munthu. Koma ndinasuntha 7 koloko, lole n'kulowa kumapiri. Wotchi yawo ikutha.

Masana
Ndawaimbira kasanu ndi kawiri. Sakupezeka. Ine, mdani wawo, kupempherera netiweki! Ndachonderera gulu kuti tiwawonjezere maola atatu okha. Namwino wangonditumizira chithunzi cha lamulo lachinayi, pansi pake mawu anga omwe: malamulo alibe chibale. Ana ndawapatsa zokopera, ine maso pa wotchi.

Lachisanu, 21 Malichi
Ndapambana. Ndi wotchi, dzulo 1 koloko ndendende. Masewero anatsekeka okha. Palibe wayang'ana nsembe ya mfumukazi yanga, ngakhale mmodzi.

Alamu abweretsa okha chikho kusukulu, lole ataimika pageti, hutala kawiri, ana onse pamawindo. "Alamu," akutero, "kamsampha kanu kaja ndinakaona, ndikanatulukamo, kungoti netiweki. Koma musachite manyazi, kupambana ndi wotchi n'kupambana ndithu. Funsani ine."

Akanatulukamo? Potulukira pati? Ndawasonyeza bolodi, ati magalasi asiya m'lole.

Pagulu andisintha kale dzina: Bambo Wotchi Aang'ono.

Chikho ndachitsekera m'kabati ya ahedi. Lamulo la chaka chamawa ndalemba kale: masiku atatu. Ayi, sabata yathunthu. Apite kumapiri, abwere, asambe, adye, avale magalasi. Ndidzawadikira.