Msonkhano Wokambirana Matenda a Ba Regina Nkhoma

Komiti ya Zaumoyo, Chigawo cha Chinyunyu
Tsiku: Loweruka, 14 Juni 1997
Malo: Kalasi ya Giredi 7, pa sukulu

Opezekapo: Ba Kalekeni Njobvu (Wapampando), Ba Mordecai Sakala (Mlembi), Ba Carol Mvula (Namwino), Ba Phinias Nkhoma ndi akazi awo Ba Regina.
Osapezeka: Ba Patson Lungu (njinga yawonongeka). Ba Estina Sakala (malemu).

1. Kukumbukira malemu

Atatha pemphero, Wapampando anapempha Mlembi kuti anenepo mawu za Ba Estina, akazi ake, amene anali membala wa komiti ino. Mlembi anati alibe ambiri. Anati amakumbukira tsiku lina la chisanu chaka chatha, pamene anawaperekeza kukachapa ku akasupe otentha. Nthunzi inachuluka moti ankangomva nyimbo yawo, osawaona. Nsalu zoyanika pa udzu nazonso zinkafuka. Madzulo Ba Estina anamuitana kuti adzathire mchere m'ndiwo, monga achitira amayi akakhala kumwezi. Izi zinali zitayamba kale miyezi ingapo, ngakhale malemu anasiya kusamba zaka zambiri zapitazo. Iwo anaseka nati, "Ba Sakala, mwakwatiranso namwali." M'mawa mwake malemu sanathe kudzuka chifukwa cha ululu wa m'chinena.

2. Zotsatira za kupimidwa kwa Ba Regina

Wapampando anati Ba Regina apempha okha kuti nkhani yawo ikambidwe pano, poti kunyumba yakanika.

Namwino anafotokoza kuti adokotala ku Lusaka anapala kanyama mkati mwa chiberekero n'kukapima. Apeza khansa, koma sinafalikire. Anati chiberekero chikachotsedwa msanga ndi opaleshoni, ambiri amachira. Ikafalikira pamafunika makina owotcha, amene m'dziko muno mulibe, mpaka ku Harare. Ikachedwa kwambiri patsala mankhwala ochepetsa ululu basi. Anawonjezera kuti mayi wosiya kusamba akaonanso magazi, asangosiya kuthira mchere, apite ku chipatala.

Ba Phinias anati sakuvomera. Anati akazi awo akulima, akudya, ndipo iwo akhala akuthira mchere chiyambire Khrisimasi osadandaula. Anati madzi a ku akasupe achiritsa ambiri, komanso munthu ayenera kukaonekera kwa Mulungu ndi ziwalo zonse.

Ba Regina anati chiberekerocho chabereka ana asanu ndi awiri, ntchito yake chagwira, ndipo Mulungu akachifuna akachitenge ku Lusaka. Wapampando analetsa kuseka.

Ba Phinias anafunsa Mlembi kuti, "Akazi anu anapita ku Lusaka komweko. Zinathandiza chiyani?" Mlembi anayankha kuti adokotala anatsegula n'kutsekanso, poti inali itafika kale kutali, ndipo kuti Ba Regina akadali pamene pali njira. Kumsewu kunadutsa basi ya ku Chipata, phokoso lake linamveka mpaka kukazimirira kumapiri. Zimene zinanenedwa pa nthawiyi Mlembi sanazimve.

Ba Phinias, akuyang'ana pa windo, anafunsa kuti chimanga adzatonola ndani. Wapampando anati amayi a Mphakati wa ku tchalitchi adzatonola. Ba Phinias anafunsanso kuti nanga akakapanda kudzuka pa tebulo la opaleshoni. Namwino anati sangalonjeze, koma akakhala kunyumba zodzachitika zikudziwika. Ba Phinias anapempha kuti zilembedwe kuti iwo sanavomere, koma sadzatseka chitseko. Zalembedwa.

Chigamulo: Ba Regina anyamuke Lachiwiri ndi basi ya m'mawa.

3. Zina ndi zina

Ba Regina anati m'wodi ya ku Lusaka mumazizira, ndipo akuchita manyazi kulowamo ndi zovala m'thumba la feteleza. Mlembi anati maliro atatha, abale a malemu anagawana zovala ndi ziwiya, koma anamusiyira sutikesi imene malemu anabwera nayo kuchokera ku chipatala. Anali asanaitsegulepo. Anapempha chilolezo, napita kukaitenga.

Munapezeka bulangeti, flasiki, chipeso ndi juzi yobiriwira. Ba Phinias anati zinthu za malemu sizipita kwa wodwala. Ba Regina anavala juziyo, napinda manja ake poti anawatalikira. Mlembi anapereka zonse, pamodzi ndi kiyi.

Potuluka, amene anamangirira sutikesiyo pa njinga anali Ba Phinias.

Msonkhano wotsatira udzakhala pa 12 Julaye, malo omwewa. Uno unatha 16:20.

K. Njobvu, Wapampando
M. Sakala, Mlembi